Njinga Yopanda Kilatchi

Mayfair, Joni
9 Juni 2024

Okondedwa Amake Sofiya,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira pepalali likupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Sofiya, komanso Bambo anga ku Mchesi. Ine kuno ndadzuka, Alhamdulillah, kungoti kukuzizira koopsa. Kuzizira kumene mumadandaula nako ku Kawale kuja ndi masewera chabe.

Mudabwa kuti Yasir wayamba liti kulemba makalata ngati munthu wakale. M'chipinda muno timagonamo amuna okhaokha asanu ndi mmodzi, ndipo ndikangoti “Amake Sofiya” pafoni, onse amasiya zimene akuchita n'kutchera khutu. Mawa lake nkhani za m'nyumba mwathu zimakhala zili ponseponse ku butchala. Ndiye ndapangana ndi McDonald, thiransipota amene amabweretsa katundu ku Kawale uja, kuti azinyamula kalata yanga pamodzi ndi mafuta ophikira. Yanu muzimupatsanso iyeyo. Salipiritsa, amangofuna kutamandidwa basi.

Za dzanja ndikuuzeni bwinobwino, chifukwa pafoni ndinkangoti ndadzicheka. Makina ochekera mafupa aja anandidula zala zitatu za kumanzere. Kwatsala chala chachikulu ndi kakang'ono ka kumapeto. Bala lapola, musade nkhawa, koma nyama sindingathenso kuigwira pamakina. Abwana anandipepesa ndi kangachepe, ndipo andisiya kuti ndizisesa ndi kukulunga nyama m'mapepala. Ndikuthokoza, poti ena akavulala amangouzidwa kuti asabwerenso. Koma ndimaona mmene amandiyang'anira tsiku la malipiro. Zinazo tidzakamba.

Nkhani yeniyeni ndi iyi, Zulaikha. Ndikufuna kubwera kwathu. Zaka zisanu zakwana, mwana akundidziwira pafoni. Koma sindingabwere kudzakhala pakhonde n'kumadikira kuti inu musoke madiresi a anthu ndiye ine ndidye. Ntchito imene ndinkaidziwa ndisanabwere kuno ndi ya kabaza, ndipo njinga yamoto imafuna dzanja lamanzere lofinya kilatchi tsiku lonse. Ndinayesa ya mnzanga wina kuno amene amaperekera zakudya m'manyumba. Inangondizimira pamalo amodzi, anyamata n'kumaseka, ine n'kumaseka nawo koma mumtima mukupweteka.

Ndiye Gilford, mnansi wathu wa kabaza wa kuseri kwa tchalitchi uja, wandiuza kuti ku Lilongwe kwayamba kupezeka njinga zamoto zamagetsi. Akuti zilibe kilatchi, zilibe magiya, umangopotokola ndi dzanja lamanja n'kumapita. Nditamva zimenezi ndinakhala pansi kaye. Yatsopano sitingaikwanitse, koma akuti ku Area 25 kuli mnyamata wina, dzina lake Emmanuel, amene akugulitsa yake yogwirapo kale ntchito. Mupite ndi Gilford mukaione. Mukayang'ane chinthu chimodzi choyamba: buleki ya kumbuyo ikhale ya phazi. Ikakhala ya kudzanja lamanzere mungobwerako, musavutike n'kufunsa mtengo.

Ndatumiza mafuta ophikira, sopo ndi juzi ya Sofiya. Ikamukulira musadandaule, adzakuliramo. Mundiperekere moni kwa alandilodi athu Mayi Masiye ndi onse a pa puloti.

Ndine mwamuna wanu,
Yasir


Mayfair, Joni
7 Julayi 2024

Okondedwa Amake Sofiya,

Asalamu alaikum. Kalata yanu ndailandira, ndipo ndasangalala kumva kuti chifuwa cha Sofiya chasiya. Ine ndili bwino. Dzanja limabaya kukazizira, makamaka zala zimene kulibezo. N'zodabwitsa, koma ndayamba kuzolowera.

Buleki ndi ya phazi! Nditawerenga pamenepo ndinapita kuseri kwa butchala kukayamika Mulungu ndekha. Zikomo kwambiri, Zulaikha, potseka makina anu osokera tsiku lathunthu n'kukwera maminibasi mpaka ku 25 chifukwa cha maloto a munthu wa zala ziwiri.

Koma ndani anakuuzani kuti mutengenso Bambo? Ndaseka mpaka anzanga kundifunsa ngati mutu uli bwino. Munthu wakonza njinga zamoto ku Mchesi moyo wake wonse pomvera kulira kwa injini, lero mwamupititsa kukaona njinga yosalira. Ndikuchita kuwaona m'maso mwangamu atagwada, khutu ali nalo pampando, akufunafuna potulukira utsi, akufunsa Emmanuel kuti oyilo amathira pati. Mwalemba kuti pomaliza anadzuka, n'kudzisasa fumbi, n'kufunsa kuti, “Nanga iyiyi ikamadwala tidzadziwa bwanji, poti sitsokomola?” Muwauze kuti funso lawo ndi lanzeru. Ndalifunsa kwa anyamata operekera zakudya kuno, ena mwa iwo amayendera zamagetsi zomwezo.

Akuti matenda a njinga yotere amakhala mu batire, ndipo batire lotopa silioneka ndi maso. Wogulitsa wochenjera amalitchaja kudzaza, n'kukuuza kuti uzungulire pabwalo posalala, iwe n'kukhutira. Ndiye muchite chonchi. Gilford anyamuke nayo ili yodzaza, kumbuyo akweze munthu wolemera ndithu, osati inu. Atenge mwini wakeyo ngati ali ndi thupi. Achoke ku 25, adutse m'tauni, akwere mpaka ku Kawale, azungulire ku Biwi, abwerere. Akafika aone kuti moto watsala wochuluka bwanji, agwirenso batirelo ndi dzanja. Likatentha moti n'kuotcha, kapena likakhala lotupa m'mbali, ayi. Tchaja ikhale yake yeniyeni, osati yolumikizalumikiza ndi tepi. Dzina la pamapepala a njinga lifanane ndi la pa chitupa cha Emmanuel, ndipo posainirana pakhale Bambo ndi munthu wina wamkulu wa kumbali yake.

Wanena mamiliyoni awiri ndi theka. Mumuuze kuti tili ndi awiri basi, ndipo musamwetulire pomuuza, paja inu mukakonda chinthu nkhope imaulula.

Chimene chandikhudza n'chimene mwalemba kumapeto, chakuti mnyamatayo akugulitsa njinga kuti apeze ya pasipoti ndi ya basi, abwere kuno ku Joni. Iye akugulitsa kuti abwere, ine ndikugula kuti ndichoke. Ndinafuna kunena kuti mumuletse, koma ndinaganizanso kuti akamvera, njinga tiitaya. Mulungu andikhululukire. Ndiponso ine anandiletsa anthu angati, ndinamvera ndani? Mumupatse nambala yanga, akafika asadzagone pa siteshoni.

Ndalama mulandire kwa McDonald, muwerengere pamaso pake.

Wanu,
Yasir


Mayfair, Joni
4 Ogasiti 2024

Okondedwa Amake Sofiya,

Asalamu alaikum. Muli bwanji nonse kumeneko? Ine ndili bwino kuposa masiku onse amene ndakhala kuno.

Chithunzi chimene Gilford wanditumizira ndachionetsa aliyense, ngakhale makasitomala amene sanafunse. Sofiya wakhala pampando helemeti itamumeza mutu, inu mwaima pambali ngati munthu wongodutsa. Ndipo simunandiuze kuti ndi yofiira.

Gilford wandifotokozera zonse. Akuti anazungulira ulendo wonse uja atakweza Emmanuel, n'kubwerera moto utatsala pafupifupi theka, batire lili lofunda chabe. Akutinso mnyamatayo atakakamira mtengo wake, inu munangoloza tayala la kumbuyo lakutha ndi galasi losowa, n'kumanga chitenje, n'kuyamba kulowera ku siteji osacheuka, mpaka iye kukuthamangirani. Ine ndinkada nkhawa ndi nkhope yanu, kani nkhope ya telala wa ku Kawale sindinaidziwe. Zikomo, mayi. Mawu ondikwanira ndilibe.

Bambonso akuti anakwera kumbuyo kuchokera ku 25, ndipo pofika ku Mchesi anauza anzawo kuti aka n'koyamba kukwera njinga yamoto n'kumamva moni wa anthu m'njira. Musawaseke pamaso, mungandiputire mlandu.

Tsopano mvetserani. Gilford aziyendetsa mpaka ine ndibwere mu Disembala, Insha Allah. Imene amayendetsa pano ndi ya bwana wina amene amamudyera thukuta, ndiye naye zimukomera. Akachotsa gawo lake, zotsalazo muyambe ndi tayala ndi inshuwalansi, kenako muzisunga za ulendo wanga. Njinga izigona pabalaza, osati pakhonde, ngakhale mutapanikizika bwanji. Za kutchaja musavutike nazo mtima. Madzulo mungobaya pa soketi ya pabalaza ngati mmene mumachitira ndi foni, m'mawa mupeza yadzaza. Paja pa puloti pathu kutchaja sikuwerengedwa, ndiye phindu lake ndi lomwelo. Petulo ayi, oyilo ayi.

Kuno masiku ano tikuyenda mocheuka. Anyamata awiri a m'chipinda chathu anapita kuntchito Lachinayi ndipo sanabwerere, zikwama zawo zili pompano. Ine ndimachoka ku butchala n'kulunjika kunyumba. Musandidere nkhawa, ndatsala pang'ono.

Mumupsompsone Sofiya. Mumuuze kuti helemetiyo ndi ya adadi, andisungire.

Wanu wokondwa,
Yasir


Mayfair, Joni
15 Sepitembala 2024

Okondedwa Amake Sofiya,

Asalamu alaikum. Ndamva kuti nonse muli bwino ndipo tayala mwagula, Alhamdulillah. Ine ndilipo. Kuzizira kwatha, kwayamba mphepo ya fumbi.

Nkhani ya magetsi a pa puloti yandipsetsa mtima. Kuyambira kale tonse tikudziwa dongosolo la Mayi Masiye: mita ndi imodzi, nyumba zinayi za lendi ndi yawo, aliyense amasonkha malinga ndi mababu ake, wa wailesi ya kanema amawonjezera, ayironi ndi hotipuleti n'zoletsedwa. Mayunitsi ankatha mwezi popanda phokoso. Lero mukuti akutha masabata awiri asanakwane, ndipo mwasonkhanso kachiwiri? Pali wina akudya za anzake, sizingochitika zokha.

Ndaseka pang'ono pomwe mwalemba kuti Mayi Masiye analowa nyumba ndi nyumba kufunafuna hotipuleti yobisa, mpaka kusuzumira kunsi kwa mabedi, ndipo kwathu anaima pabalaza n'kusisita njinga, n'kuiyamikira kuti ndi yaukhondo. Mayi aja akafuna chinthu amachita ngati apolisi.

Koma ine wakubayo ndikumudziwa, ndipo ndinanena kale ndisanachoke. Ndi filiji ya Ireen, amake Chisankho a nyumba ya kumapeto aja. Filiji ija anaigula yakale, imalira ngati chigayo, ndipo m'mene kwayamba kutenthamu ndiye aidzaza mafilizesi okagulitsa ku geti la sukulu. Inde amawonjezera pa chosonkha, koma kangati? Ngati alandilodi alamula kuti aizimitse kaye kuti aone, achita bwino. Inu musalowerere mikangano, koma akakufunsani maganizo musachite manyazi. Ife tili ndi mababu atatu okha, sitingamalipirire bizinesi ya munthu wina.

Emmanuel anafika sabata yatha. Ndinakamutenga pa siteshoni, akugona pa matiresi a mmodzi wa anyamata anasowa aja. Asanafunse n'komwe za ntchito, anafunsa ngati njinga ikuyenda bwino. Ndinamuuza kuti ili m'manja abwino, iye n'kungogwedeza mutu n'kuyang'ana kumbali.

Mwezi uno ndatumiza sopo yekha. Ku butchala andiuza kuti ndizibwera masiku atatu pa sabata, akuti malonda achepa. Anthu ndimawaona akudzaza mushopu ngati kale, koma ndingatsutse ndine ndani.

Wanu,
Yasir


Joni
6 Okutobala 2024

Amake Sofiya,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira thupi lili bwino, poti za mumtima ndaziwerenga kale m'kalata yanu. Ine ndili moyo.

Manyazi andigwira, Zulaikha, moti ndikanakhala kumeneko sindikanatuluka m'nyumba. Kani wakuba amene ndinkamuloza ndi chala uja amagona pabalaza pathu. Mwalemba kuti filiji ya Ireen inakhala yozima masabata atatu koma mayunitsi anathabe, ndipo Ireen anatenga mpando madzulo n'kukhala pansi pa mita. Kagetsi kofiira ka pa mita kaja kankaphethira pang'onopang'ono, koma Gilford atangolowetsa njinga, inu n'kubaya pa soketi, kanayamba kuphethira ngati kapenga. Ndiye anaitana puloti yonse kuti idzaone. Sindikumudandaula. Ndikanakhala ine ndikanaitana ndi a puloti ya pafupi omwe.

Wolakwa ndine. Ndine ndinakuuzani kuti ndi chimodzimodzi foni. Ndinafunsa za batire, za tayala, za mapepala, za buleki, koma osafunsa kuti chinthu chonyamula anthu awiri tsiku lonse chimadya zochuluka bwanji. Kuno aliyense amangobaya pakhoma kuntchito kwake, mita saiona n'komwe. Ireen wataya malonda nyengo yotentha, nthawi imene ana amagula kwambiri, ndiponso watukwanidwa pamaso pa mwana wake chifukwa cha ife. Inu ndiye mwalandira mawu onse amene ndimayenera kulandira ine. Pepani.

Mawu a Mayi Masiye ndawamva monga mwawalembera: “Pa puloti panga musankhe, njinga kapena nyumba. Mwezi uno ukamatha ndione chimodzi chatuluka pa geti.”

Ndaganiza mbali zonse. Kokatchajitsa kwa ometa tsitsi mukuti akufuna ndalama yoti phindu lonse lithere pomwepo, ndiponso njinga yogona kwa eni ake imadzuka ilibe batire. Kumalo osinthitsa mabatire Gilford akuti amalandira njinga zawo zokha. Nyumba ya mita yakeyake mu Kawale lendi yake tonse tikuidziwa. Ndipo sindingalole kuti inu ndi mwana muzingoyendayenda ndi makina osokera pamutu mvula ili pafupi, makasitomala anu onse akudziwa khomo limenelo.

Igulitseni. Gilford afunse anzake a pa siteji, ngakhale itatsika mtengo. Poyamba mukonze za Ireen, mumufunse yekha kuti anataya zingati, musatsutse. Zotsalazo musunge za sukulu ya Sofiya. Za Disembala tiiwale kaye. Ndikhala kuno chaka china kapena ziwiri, pali ntchito zina zimene munthu angagwire ndi dzanja limodzi.

Ku butchala sindikupitakonso. Komwe ndinkagona ndachokako, McDonald akudziwa kondipeza, azifunsa pa mzikiti. Foni ikapanda kupezeka musadabwe, ndi yobwerekana masiku ano. Sofiya musamuuze kaye.

Yasir


Joni
17 Novembala 2024

Okondedwa Amake Sofiya,

Asalamu alaikum wa rahmatullah. Muli bwanji, mayi wosamva inu? Ine ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

McDonald anabwera maulendo awiri wopanda kalata yanu. Ndinkamufunsa, iye n'kumangoti onse ali bwino, n'kumathawitsa maso. Ndinaganiza kuti njinga inapita ndipo mwakwiya nane moti simukufunanso kugwira cholembera. Masabata amenewo anali olemera, sindinama. Dzulo ndiye wandipatsa envelopu yonenepa, akuseka, akuti munamulumbiritsa kuti asanene kanthu mpaka zitatheka.

Ndawerenga nditakhala pa sitepe ya mzikiti, ndipo anthu odutsa ankaganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro.

Kani simunagulitse. Ndipo simunayambire kwa alandilodi ngati mmene ndikanachitira ine, munayambira kwa Ireen. Mukuti tsiku loyamba munakhala pakhonde pake ndi shuga ndi timapepala ta mafilizesi, iye n'kumangotsuka mbale osakuyang'anani. Mawa lake munapitanso. Tsiku limene anatsegula pakamwa anakufunsani kuti bwanji osangoisinthanitsa ndi ya petulo ngati anthu ena onse, inu n'kumuuza za kilatchi ndi zala zanga. Pamenepo ndinayamba ndapsa mtima, chifukwa sindinkafuna kuti Kawale yense adziwe ndisanafike. Koma ndadzifunsa kuti ndikanabisa mpaka liti, dzanja lokhala m'thumba chaka chonse?

Za kusowa kwa petulo tikuzimva kunonso. Gilford akuti anzake akumakhala pa mzere ku filing'i siteshoni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anthu akuyenda wapansi kuchokera m'tauni, pamene njinga yosafuna petulo yangokhala pabalaza pathu yafundidwa chitenje, yoletsedwa kudya. Ndiye pa msonkhano wa anthu a pa puloti kumapeto kwa mwezi, Mayi Masiye atafunsa kuti chituluke n'chiti, amene anaimirira ndi Ireen. Munthu amene ine ndinamutcha wakuba. Mawu ake ndawawerenga mobwerezabwereza mpaka ndawaloweza:

“Amayi, ngati njingayi ikudya ngati banja, ilembedwe ngati banja. Izisonkha payokha. Ndipo tsiku lake losesa pabwalo ndi kuchimbudzi likafika, poti tsache singagwire, izinyamula katundu wathu.”

Mukuti anthu anayamba aseka, kenako anasiya kuseka n'kuyamba kuwerengera zimene aliyense amalipira kabaza pa sabata. Ndasangalala kuti munaiyeza poyera, Loweruka masana, aliyense atazimitsa zake zonse, Mayi Masiye ndi Bambo atakhala pansi pa mita ngati mboni. Yapezeka kuti imadya kuposa nyumba iliyonse pa puloti, kuposanso filiji ija kutalitali. Chabwino, izilipira chomwecho, musachotsepo ngakhale tambala. Ngakhale itero, Gilford akuti zotsala zikuposabe za njinga ya petulo.

Ndiye Lachitatu ndi tsiku la njinga. M'mawa imapereka bokosi la mafilizesi la Ireen ku sukulu, imatenga thumba la makala la uyu, ufa wa uyo kuchigayo, ndipo Mayi Masiye imawapititsa kokayezetsa BP. Mukuti tsopano akumaitchula kuti “a lendi atsopano” ndipo akumafunsa ngati agona bwino. Mayi aja ndi ovuta, koma chilungamo ali nacho.

Mundithokozere Gilford, amene anakhala masabata onse aja osayenda koma osapita kukafuna wogula. Kwa Ireen ndalemba kapepala kakekake, kali m'kati umu, mumupatse m'manja. Ndamupepesa ndi dzina langa, chifukwa zimene ndinalemba za filiji yake, ngakhale sanazione, Mulungu anaziona.

Inu ndiye ndinene chiyani? Ndinakulamulani kuti mugulitse, ndinali nditataya mtima, ndipo ndinkaganiza kuti ndikuchita zaumuna. Zikomo posandimvera, Zulaikha. Chikhalire sindinayamikepo munthu chifukwa chondikanira, lero ndayamba ndi inu.

Panopa ndikuthandiza kutsuka magalimoto pafupi ndi mzikiti, ndipo ndimagona m'kachipinda kosungira mikeka. A Shehe ndi munthu wabwino. Za pakati apa ndidzakuuzani pamaso, si za papepala.

Wanu nthawi zonse,
Yasir


Joni
8 Disembala 2024

Okondedwa Amake Sofiya,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo denga silikudontha ndi mvula yayambayi. Ine ndili bwino, chimfine chokha.

Ndalama ya basi ndalandira. McDonald pondipatsa anandigwira paphewa, akuti zaka zonse wakhala pa msewu umenewu amanyamula ndalama kuchoka ku Joni kupita ku Kawale, sananyamulepo yochoka ku Kawale kubwera ku Joni. Tikiti ndagula, ndinyamuka Loweruka likubwerali, ndipo pa malire pakapanda kuvuta ndifika Lolemba masana. Kalatayi idzanditsogolera ndi masiku ochepa chabe.

Musayembekezere katundu wambiri. Ndili ndi chikwama chimodzi, nsapato za Sofiya, ndi nsalu yanu imene ndinagula kale zinthu zisanavute. Bulangete ndi jekete ndasiyira Emmanuel, adzazifuna mu Juni. Wapeza ganyu yomanga, akuti mupereke moni kwa njinga.

Tsopano pempho langa. Ku depoti mubwere ndi Gilford pa njinga, Sofiya atsale ndi Ireen. Pobwerera Gilford akwere minibasi ndi chikwama. Ndikufuna ndilowe mu Kawale ndikuyendetsa ndekha, inu muli kumbuyo. Zaka zisanu sindinagwire chiwongolero pamsewu, ndipo sindikudziwa ngati zala ziwirizi zigwire bwino pa mabampu a ku Mchesi. Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Tidzayenda pang'onopang'ono, otipitirira atipitirire.

Dzanjali simunalionepo, chithunzi ndinkakana dala. Ndikadzatsika basi ndidzalitulutsa m'thumba kuti mulione kamodzi, pompo. Si lokongola. Ngati n'kulira, musadzalire pa depoti, chifukwa nanenso ndidzayamba, ndiye palibe adzaone msewu. Mudzangokwera n'kundigwira m'chiuno zolimba. Tikalirira kunyumba.

Ndine mwamuna wanu,
Yasir